Kuika wayilesi yolankhulirana m'galimoto yoyenda m'tchire

Aliyense amene anakwerapo Land Cruiser ya alonda a nyama zakutchire ku Majete kapena ku Liwonde, kaya galimoto ya kapitawo wa pa esiteti ya nzimbe ku Nchalo, anaonapo kabokosi kakuda kamene kamamangidwa pansi pa dashibodi, kokhala ndi mayikolofoni ya chingwe chopotana, ndiponso kandodo kachitsulo kamene kamagwedera padenga galimoto ikamadumpha m'mabampu. Imeneyo ndi wayilesi yolankhulirana, yosiyana ndi wayilesi yomvera nkhani ndi nyimbo chifukwa iyo imalandira mawu n'kutumizanso. Dalaivala amadina batani la pa mayikolofoni, amalankhula, amati "ova", kenako amasiya batanilo kuti mnzake ayankhe. Poiyang'ana imaoneka ngati chinthu chongomanga ndi masikuluwu anayi n'kulumikiza mawaya awiri, komatu kaikidwe kake ndi kamene kamasiyanitsa wayilesi yomveka kutali ndi ina yofanana nayo ndendende imene imalephera kudutsa ngakhale chitunda chimodzi.

Wina angafunse kuti n'kuvutikiranji pamene anthu ambiri ali ndi foni m'thumba. Foni imadalira nsanja ya kampani, ndipo nsanja zimamangidwa kumene kuli anthu ogula mayunitsi, osati mkati mwa nkhalango ya Nkhotakota, imene kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 1,800, kapena m'zigwa za ku Nyika kutali ndi Chelinda. Nsanjazo zimafunanso magetsi. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, ndiponso namondwe wa Freddy atakokolola misewu ndi milatho m'maboma a Mulanje, Phalombe ndi Chikwawa mu March 2023, tinaona kuti magetsi akathima masiku angapo netiweki nayonso imayamba kusowa, pa nthawi imene anthu akufunitsitsa kuitana thandizo. Magalimoto awiri okhala ndi mawayilesi safuna nsanja ya munthu pakati pawo. Palinso ubwino wina umene foni ilibe: mmodzi akalankhula, onse amene ali pa tchanelo imeneyo amamva nthawi yomweyo. Ntchito ngati imene inachitika mu 2016 ndi 2017, yosamutsa njovu pafupifupi 500 kuchoka ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota, pamene wa m'helikopita, madokotala a nyama ndi madalaivala ayenera kumva mawu amodzi pakamphindi kamodzi, singayende poimbirana mafoni mmodzimmodzi.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ogula ambiri amafunsa funso limodzi lokha, lakuti wayilesiyo ili ndi ma watt angati, ndipo akamva nambala yaikulu amakhutira. Ndalama zonse zimathera pa kabokosiko, pamene eriyo (kandodo kachitsulo kaja), chingwe chake ndi mawaya a magetsi zimasiyidwa m'manja mwa aliyense amene wapezeka ndi sipanala tsiku limenelo. Pamalo athyathyathya, kukweza mphamvu kuchoka pa ma watt 25 kufika pa 50 kumaonjezera mtunda ndi gawo limodzi lokha mwa magawo asanu, kapena kucheperapo, pamene kukweza eriyo kuti ikhale pamwamba kawiri kuposa poyamba kumathandiza ngati kuti mphamvu yachulukitsidwa kanayi. Choncho nkhani yonse iyenera kuyambira pa mafunde ndi dera limene galimoto imayendamo, osati pa sitolo.

Mafunde a wayilesi amawerengedwa mu megahertz, mwachidule MHz, ndipo nambala imeneyi, imene imatchedwa frequency, ikamakwera funde limafupika. Kuti mudziwe kutalika kwa funde m'mamita, mumagawa 300 ndi nambalayo. Mawayilesi a VHF ogwiritsidwa ntchito m'magalimoto amakhala pakati pa 136 ndi 174 MHz, kutanthauza funde la pafupifupi mamita 2. A UHF, a pakati pa 400 ndi 470 MHz, ali ndi funde losafika masentimita 80. A HF, amene amafika pa 30 MHz okha, funde lawo limatalika mamita makumi angapo. Masamu amenewa ndi amene amalamula kutalika kwa eriyo, malo oiikapo, ndiponso mmene mawu angadutsire m'mitengo ndi m'mapiri.

Mafunde a VHF ndi UHF amayenda molunjika, pafupifupi ngati kuwala kwa tochi, ndipo popeza dziko ndi lobulungira, amakafika pamene nthaka imawatchinga. Magalimoto awiri okhala ndi eriyo pamwamba pa mamita 2 aliyense, pachigwa chopanda zitunda ngati madera ena a Chikwawa, amaonana mwa mafunde pamtunda wa makilomita 11 kapena 12, ndipo wayilesi yamphamvu imatha kupitirirako pang'ono. Koma Malawi si dziko lathyathyathya. Galimoto imene yatsika zitunda za pamsewu wochoka ku Blantyre kupita ku Chikwawa imatha kutayana ndi inzake imene yatsala kuseri kwa phiri, ngakhale zili pafupi kwambiri, pamene ina imene yaima pamwamba pa phiri la Zomba imamveka m'maboma angapo ndi mphamvu yochepa. M'nkhalango za miombo ndi tsanya VHF imachita bwino kuposa UHF chifukwa masamba, makamaka onyowa a m'dzinja, amameza kwambiri mafunde aafupi. UHF imapambana pakati pa nyumba, m'mafakitale ndi m'mashedi, chifukwa imalowa m'mazenera ndi m'mipata. Ichi n'chifukwa chake ogwira ntchito m'tchire kawirikawiri amasankha VHF.

Njira yogonjetsera mapiri ndi kuika wayilesi ina pamwamba pa phiri lenilenilo, imene imatchedwa repeater. Iyo imamva mawu pa frequency imodzi n'kuwaponyanso pa ina nthawi yomweyo, ndipo nthawi zambiri imayendera sola ndi mabatire. Repeater imene ili mamita 400 pamwamba pa chigwa imatha kuona galimoto ili pamtunda woposa makilomita 80 ngati palibe phiri lina pakati. Amene akuika wayilesi m'galimoto ayenera kudziwiratu ngati bungwe lake lili ndi repeater, chifukwa wayilesiyo iyenera kuuzidwa frequency yotumizira ndi yolandirira, ndipo n'kofunika kusunga tchanelo imodzi yolankhulirana mwachindunji, galimoto ndi galimoto, kuti repeater ikaombedwa ndi mphenzi gulu lisasowane.

HF ili ndi khalidwe lina. Mafunde ake amakwera kumwamba n'kubwezedwa ndi gawo la mlengalenga lotchedwa ionosphere, ndipo amakagwa makilomita mazanamazana kutali, mapiri osawaletsa. Magalimoto oyera a mabungwe othandiza anthu, aja okhala ndi eriyo yonenepa kumunsi yomangidwa kutsogolo, amanyamula mawayilesi a mtundu umenewu, ambiri opangidwa ndi makampani a ku Australia, Codan ya ku Adelaide ndi Barrett ya ku Perth. Kunenepa kwa tsinde la eriyoyo kuli ndi chifukwa: pa 7 MHz eriyo yoyenera ikanatalika mamita oposa 10, ndiye mkati mwa tsindelo muli makina amene amaisintha kuti kandodo kakafupi kagwire ntchito ngati kakatali. HF imafuna kuleza mtima, popeza frequency yomveka masana siimveka usiku, ndipo mtengo wake ndi wokwera. Kwa amene magalimoto ake amazungulira esiteti imodzi kapena nkhalango imodzi, VHF ndi yokwanira.

Wayilesi isanamangidwe pali nkhani ya lamulo. Mafunde ndi chuma cha dziko, ndipo ku Malawi amayang'aniridwa ndi bungwe la MACRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la zofalitsa mauthenga la 1998 ndipo pano limagwira ntchito motsatira lamulo la 2016. Bungweli ndi limene limapereka layisensi, limagawa ma frequency ndi kuvomereza zipangizo zolowa m'dziko. Masiku ano mawayilesi otchipa a m'manja, monga a Baofeng, amapezeka mosavuta, ndipo amalola munthu kulemba frequency iliyonse imene wafuna. Kuopsa kwake n'kwakuti munthu wosadziwa angathe kulankhula pa tchanelo ya apolisi, ya ambulansi kapena ya oyenda panyanja, n'kutsekereza uthenga wa munthu amene moyo wake uli pachiswe. Layisensi ya dziko limodzi siigwira ntchito kudziko lina, choncho galimoto yodutsa pa Mchinji kupita ku Chipata imalowa m'manja mwa ZICTA ya ku Zambia, ndipo yopita ku Johannesburg imakhala pansi pa malamulo a bungwe la ICASA la ku South Africa. Amene wagula galimoto ku South Africa n'kupezamo wayilesi ya 29 MHz, imene oyenda m'tchire a kumeneko ankaikonda kwa zaka zambiri, asaganize kuti chilolezo chinabwera ndi galimotoyo.

Tsopano tifike pa eriyo, pamene pagona nkhani yonse. Eriyo yosavuta kwambiri ndi kandodo kotalika gawo limodzi mwa magawo anayi a funde: pafupifupi masentimita 48 pa 150 MHz, ndi masentimita 16 pa 450 MHz. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti kandodoko ndi theka chabe la eriyo. Theka linalo ndi chitsulo cha galimoto chimene chili pansi pake, ndipo popanda chitsulocho mafunde sachoka bwino. N'chifukwa chake malo abwino kuposa onse ndi pakati penipeni pa denga lachitsulo, pamene pali pamwamba, pamene chitsulo chazungulira mbali zonse, ndiponso pamene palibe chotchinga. Kuika pamenepo kumafuna kuboola denga bowo la mamilimita 19 ngati mukugwiritsa ntchito tsinde la mtundu wa NMO, limene lili ndi mphira yotsekera madzi. Eni magalimoto ambiri amakana, poopa kudontha ndi kutsika kwa mtengo wa galimoto pogulitsa. Ndimawamvetsa, koma ine ndimaona kuti pa galimoto ya ntchito bowolo ndi loyenera kuboola, chifukwa tsinde lomangidwa bwino silidontha, ndipo phindu lake limamveka tsiku lililonse. Poboola pafunika kutsitsa nsalu ya kudenga kuti muone pamene pali nthiti zachitsulo ndi mawaya a nyale, kenako kupala penti kunsi kwa bowolo kuti mano a tsinde alume chitsulo chenicheni.

Malo ena onse ndi ongogonjera. Pa chitsulo chotchinga kutsogolo, chimene amati bull bar, eriyo imakhala m'munsi, ndipo kabini imatchinga mafunde opita kumbuyo, kotero kuti galimoto imamveka bwino ikayang'ana kumene kuli anzake, n'kuzilala ikatembenuka. Pambali pa boneti palinso vuto lomwelo, ngakhale kuti ndi pabwino kwa galimoto yolowa m'ziyangoyango pamene nthambi zingathyole chilichonse chili padenga. Keriyala ya padenga imaoneka yabwino chifukwa ndi yapamwamba, koma zambiri zimakhala pa mphira kapena pa penti, osakhudzana ndi thupi la galimoto, ndiye pafunika kalamba kamkuwa kakafupi ndi kotambalala kolumikiza keriyalayo ku denga. Ndinaonapo galimoto imene eriyo yake inamangidwa pa keriyala pakati pa tayala la sipeya ndi zigubu zachitsulo zamafuta, zonse zazitali kuposa eriyoyo, ndipo eni ake ankadandaula kuti anagulitsidwa wayilesi yakufa. Wayilesiyo inali yabwinobwino, koma mawu ake ankathera m'zigubuzo. Tsinde la maginito ndi lothandiza pa ulendo wa masiku ochepa, koma pamsewu wafumbi mchenga umalowa pansi pake n'kukanda penti, nthambi imaligwetsa, ndipo chingwe chake chopanidwa pachitseko chimaphwanyika pang'onopang'ono.

Pali magalimoto amene alibe denga lachitsulo n'komwe: aja oonetsera alendo nyama okhala ndi tenti pamwamba, mapikapu okhala ndi kanope ya fayiba, ndi tingolo tating'ono ta m'mafamu ta mtundu wa Polaris Ranger, timene denga lake ndi pulasitiki yomangidwa pa mapaipi. Apa pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kugula eriyo ya theka la funde, imene inapangidwa kuti isadalire chitsulo pansi pake. Yachiwiri ndi kumanga lata kapena aluminiyamu pansi pa dengalo, lotambalala mbali zonse mofanana ndi kutalika kwa kandodoko, zimene n'zosavuta pa UHF koma zimafuna chitsulo cha mita yathunthu m'mimba mwake pa VHF.

Ogulitsa amakonda kutamanda eriyo yaitali, monga ya magawo asanu mwa asanu ndi atatu a funde, ponena kuti imaonjezera mphamvu. Eriyo siipanga mphamvu. Imangotenga mafunde amene akanapita kumwamba n'kuwapanikizira cham'mbali, ngati mmene munthu amapanira kukamwa kwa paipi kuti madzi afike patali. M'chigwa cha Shire kapena m'madambo a Kasungu zimenezi n'zaphindu. M'mapiri a Thyolo, Mulanje kapena ku Nyika, pamene galimoto imapendekeka ndipo repeater ili pamwamba, mafunde opanikizidwawo amaloza m'nthaka kapena kumitambo, ndipo kandodo kakafupi kaja kamachita bwino kuposa yaitaliyo. Kamakhalanso kolimba pa nthambi. Eriyo iliyonse yaitali yoyenda m'tchire imafuna sipuling'i kumunsi kuti izipinda m'malo mothyoka.

Chingwe chochoka pa eriyo kupita ku wayilesi si waya wamba. Chili ndi waya pakati, pulasitiki, kenako ukonde wamkuwa kunja, ndipo mawayilesi olankhulirana amafuna cha ma ohm 50 (muyezo wosiyanitsa mitundu ya zingwezi), monga chotchedwa RG-58. Chingwe cha TV kapena cha dishi chimaoneka chimodzimodzi koma ndi cha ma ohm 75, ndipo sichiyenera kulowa m'malo mwake. Chingwe chilichonse chimadya mphamvu: mamita 10 a RG-58 pa UHF amataya pafupifupi theka la mphamvu yonse isanafike pa eriyo, choncho chikhale chachifupi mmene zingathekere. Chisapindidwe mwamphamvu, chisapanidwe ndi mpando, ndipo chisayandikire ekizozi. Mdani wake wamkulu ndi madzi. Dontho likalowa pa cholumikizira chakunja limayenderera mu ukonde uja, mkuwa umada, ndipo wayilesi imagontha pang'onopang'ono popanda wina kuzindikira tsiku limene vutolo linayamba. Cholumikizira chilichonse chakunja chikulungidwe ndi tepi ya mphira yomatirira yokha, osati tepi wamba yakuda imene imamatuka ndi dzuwa la October.

Eriyo ikamangidwa iyenera kuyezedwa ndi kachipangizo kotchedwa SWR meter, kamene kamaonetsa kuchuluka kwa mphamvu imene ikubwerera ku wayilesi m'malo motuluka. Kakaonetsa 1.5, mphamvu yobwerera ndi 4 pa 100 aliwonse, pa 2 ndi 11, pa 3 ndi 25, ndipo ikafika pamenepo wayilesi imadzichepetsera mphamvu yokha kapena imatentha mpaka kupsa. Eriyo zambiri zimabwera zazitali dala, pamodzi ndi pepala losonyeza pamene muyenera kudula malinga ndi frequency yanu. Kudulako kuchitike pang'onopang'ono, mamilimita ochepa nthawi imodzi, galimoto ili pabwalo kutali ndi makoma ndi malata, zitseko ndi boneti zili zotseka, popeza chimene mwadula simungachibwezeretse. Wamagetsi a galimoto amene alibe kachipangizo kameneka akhoza kukoka mawaya mwaluso, koma ntchito ya eriyo sanaimalize.

Mbali ya magetsi ndi imene imabweretsa ngozi ya moto. Wayilesi ya ma watt 50 imakoka ma amp apakati pa 10 ndi 13 pamene ikutumiza mawu, ndipo ya HF ya ma watt 100 imafika cha m'ma 20. Soketi yoyatsira fodya, imene nthawi zambiri ili ndi fyuzi ya ma amp 10 ndi timawaya topyapyala, singakwanitse, ndipo pulagi yake imatuluka m'mabampu. Kuba magetsi pa waya wa nyale kapena wa wayilesi ya nyimbo n'koipa kwambiri. Njira yoyenera ndi kukoka waya wakewake kuchoka pa pozitivi ya batire, wonenepa mokwanira. Waya wamkuwa wa masikweya milimita 2.5, wotalika mamita 10 kupita ndi kubwerera, umataya pafupifupi 0.8 volt pa ma amp 12, pamene wa 1 yokha umataya ma volt 2 n'kumatentha. Mawayilesi amenewa anapangidwira ma volt 13.8, kotero kuti injini ikazima batire n'kukhala pa 12.4, kutaya ma volt 2 kumachititsa wayilesi kuzima nthawi iliyonse imene mwadina batani. Mtunda ukakhala wautali, waya wa 4 kapena 6 ndi woyenera.

Fyuzi iikidwe pafupi kwambiri ndi batire, pasanathe masentimita 30. Ambiri amaganiza kuti fyuzi imateteza wayilesi, ndiye amaisiya kumapeto pafupi ndi kabokosiko, koma ntchito yake yaikulu ndi kuteteza wayawo. Ukakhudzana ndi chitsulo pamalo pamene wakhuzuka, batire la galimoto limatha kutulutsa ma amp mazanamazana, ndipo waya wopanda fyuzi umafiira ngati wa mbaula yamagetsi n'kuyatsa kapeti. Pamene waya ukudutsa khoma lachitsulo lolekanitsa injini ndi mokhala anthu, udutsire pabowo lokhala ndi mphira, ndipo umangidwe ndi timalamba pafupipafupi, chifukwa msewu wafumbi umagwedeza galimoto maola ambiri ndipo m'mphepete mwa chitsulo mumadula ngati mpeni. Nsonga za mawaya zifinyiridwe m'zolumikizira zake ndi chida chake, osati kungopotokola n'kukulunga tepi. Pogwira ntchito yonseyi yambani mwachotsa negetivi ya batire, ndipo muibwezeretse pomaliza.

Za waya wa negetivi akatswiri amasiyana maganizo. Ena amaufikitsa pa batire penipeni, ena amaumanga pa thupi la galimoto pafupi ndi pamene lamba wa negetivi wa batire amamangidwa. Njira yachiwiriyi ndi imene ndimaikhulupirira. Ngati wayilesi yalumikizidwa pa batire mwachindunji, ndiyeno lamba uja wamasuka kapena wachita dzimbiri, magetsi a sitata amafuna njira ina yobwerera, ndipo amaipeza kudzera pa tsinde la eriyo, chingwe chake ndi wayilesi yeniyeniyo. Amene wasankha njira yoyamba aike fyuzi pa negetivinso. Magalimoto atsopano ambiri alinso ndi kachipangizo koyeza magetsi pa negetivi ya batire, ndipo chilichonse cholumikizidwa molambalala kachipangizoko chimasokoneza katchajidwe.

Munthu asanalumikize ayeze kaye ngati galimotoyo ndi ya ma volt 12 kapena 24. Malole ambiri ndi a 24, chimodzimodzinso ma Land Cruiser ena akale a dizilo okhala ndi mabatire awiri olumikizidwa motsatizana. Wayilesi ya 12 imapsa nthawi yomweyo pa 24. Kutenga magetsi pa batire limodzi mwa awiriwo kumaoneka ngati nzeru, koma kumachititsa kuti lina lizichepa mphamvu pamene linzake likutchajidwa mopitirira, ndipo onse awiri amafa msanga. Pamafunika kachipangizo kotsitsa magetsi. Ngati galimoto ili ndi batire lachiwiri la firiji ndi nyale, wayilesi ipite pamenepo. Funso lina ndi lakuti izizima ndi kiyi kapena ayi. Ikangomvetsera imakoka osafika amp imodzi, koma kuiiwala kuyambira Lachisanu mpaka Lolemba n'kokwanira kuti galimoto ikane kulira. Komabe kwa alonda amene amabisala usiku injini itazima, kapena dalaivala amene injini yamufera pakati pa tchire, wayilesi yodalira kiyi ilibe ntchito, choncho ndi bwino kuipatsa magetsi nthawi zonse n'kugwiritsa ntchito mbali imene mawayilesi ambiri ali nayo, yodzizimitsa pakapita maola angapo osakhudzidwa.

Kabokosiko kamafuna mpweya. Pa mphamvu yoposa ma watt 150 imene kamakoka potumiza, 50 yokha ndi imene imatuluka ngati mafunde, yotsalayo imasanduka kutentha, ndiye kukatsekera m'kabati ka dashibodi kapena kukaika pamwamba pamene dzuwa la ku Nsanje limamenya n'kukapha. Pansi pa mpando ndi pozizira, koma pagalimoto yowoloka mitsinje m'dzinja ndi pamene madzi amayamba kufika. Mawayilesi ambiri amalola kupatula nkhope yake kuti ikhale pafupi ndi dalaivala pamene thupi labisidwa kumbuyo kwa mpando chapamwamba. Chilichonse chimangidwe ndi mabawuti pachitsulo, kutali ndi pamene airbag imatulukira ndiponso pamene mawondo angagunde pangozi. M'galimoto yopanda zitseko pafunika wayilesi yosalowa fumbi ndi madzi, ya chizindikiro cha IP67, imene imapirira kumizidwa mita imodzi kwa mphindi 30. Sipika ya mkati mwa wayilesi ndi yaing'ono, ndipo siingapikisane ndi injini ya dizilo ya Land Cruiser ikukwera chitunda mazenera ali otsegula, choncho sipika yapadera yomangidwa kumbuyo kwa mutu wa dalaivala ndi ndalama yogwiritsidwa ntchito bwino.

Phokoso lina limachokera m'galimoto momwemo. Kulira kosongoka kumene kumakwera ndi kutsika pamodzi ndi injini kumachokera ku alternator, chipangizo chimene chimatchaja batire, ndipo kumalowa kudzera m'mawaya a magetsi. Kuthetheka kotsatizana kumachokera ku mapulagi a injini ya petulo, vuto limene ya dizilo ilibe. Koma masiku ano oononga kwambiri ndi nyale zotchipa za LED, matchaja a foni a pa soketi, ma inverter (osandutsa magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba) ndi mafiriji, amene samveka ngati phokoso n'komwe, amangogonthetsa wayilesi kuti isamve mawu ochokera kutali. Njira yowapezera ndi kumvetsera mnzanu amene ali patali, mawu ake akumveka movutikira, n'kumayatsa zipangizo chimodzichimodzi mpaka mawuwo atazimirira. Nthawi zina mankhwala ake ndi kutalikitsa chingwe cha eriyo ndi mawaya a nyaleyo, nthawi zina ndi kuveka timphete tochepetsa phokoso, totchedwa ferrite, pa mawayawo, ndipo nthawi zina ndi kutaya nyaleyo.

Matchanelo amalembedwa m'wayilesi ndi kompyuta motsatira zimene zili pa layisensi. Pamenepa pali chinthu chimene chimanyenga ambiri, chotchedwa CTCSS, kamvekedwe kotsika kwambiri, kuyambira pa 67 Hz, kamene kamachititsa wayilesi kutsegula sipika kwa anthu a gulu lanu okha. Sikabisa mawu ngakhale pang'ono, ndipo aliyense wokhala ndi wayilesi pa frequency imeneyo amamva zonse. Kwa alonda amene akunena malo amene chipembere chili, zimenezi si zazing'ono, ndipo n'chimodzi mwa zifukwa zimene mabungwe osamalira nyama amasamukira ku mawayilesi a digito a DMR, amene amatha kubisa mawu, kutumiza malo a galimoto pa GPS, ndi kunyamula zokambirana ziwiri pa tchanelo imodzi ya 12.5 kHz. Ndi bwinonso kuika malire a nthawi yotumizira, mwina mphindi imodzi, chifukwa mayikolofoni imene yapanikizika pakati pa mipando imatseka tchanelo ya gulu lonse mpaka batire litatha. Madalaivala auzidwenso kuti asatumize mawu pamene akuthira mafuta, ndiponso kuti munthu asagwire kapena kutsamira eriyo ikamatumiza, makamaka ya HF, imene imawotcha khungu.

Kuyesa kwenikweni sikuchitikira pagalaja, pamene mawayilesi awiri oyandikana amamvana ngakhale eriyo itasoweratu. Galimoto ipite kumalo amene imagwira ntchito, iime m'zigwa, kuseri kwa mapiri ndi kumalire akutali, injini ikulira ndiponso itazima, nyale zonse zitayaka, ndipo malo amene mawu sakufika alembedwe pa mapu kuti dalaivala aliyense adziwe chitunda chapafupi chimene angakwere pofuna kuitana. Pakatha masabata ochepa mabawuti onse akungidwenso, chifukwa mabampu amamasula chilichonse. Mvula yoyamba ya November isanagwe, tsinde la eriyo limasulidwe, lipukutidwe, mphira yake ionedwe ngati yang'ambika, ndipo SWR iyezedwenso n'kuyerekezedwa ndi nambala imene inalembedwa tsiku loika. Nambalayo ikasintha, kaya kukwera kaya kutsika mosayembekezereka, chingwe chafufuma ndi madzi kapena kandodo kapindika, ndipo chisinthidwe galimoto isanabwerere kutchire.